Diresi la Puloteni ya Hawa

Lolemba

Hawa akubwera Loweruka! Ndege ya m'mawa. Zaka zitatu ku Joni, ndipo akubwera ndi digiri yachiwiri m'manja. Mwana wa telala wa mu Area 2, wokulira pansi pa makina akutola timapini.

Uthenga wafikira kwa amake. Zonse zimafikira kwa amake. Ine ndimangomva kuti "Hawa akuti moni", ngati mlendo wogona pabalaza. Sindikudandaula, ndangolemba.

Mu uthengamo akuti: "Amama, mukafuna kuona chimene ndakhala ndikugwira zaka zonsezi, tengani laputopu yanga yakale, a Chisale akuikireni pulogalamu yoonera mapuloteni. Ndi yaulere. Mulembe zilembo zinayi izi, ibwera yokha." Amake akuti maso awo sagwirizana ndi makompyuta. Anga amalowetsa ulusi pa singano popanda mandala. Laputopu ndanyamula ine.

A Chisale ndi aneba anga pa khonde la shopu, okonza mafoni, kwawo ku Mitundu. Munthu wabwino, kungoti amalankhula ngati intaneti adaipanga ndi iwo. Mphindi makumi awiri, pulogalamu yalowa. Zilembo zinayi zija ndalemba ndi chala changa.

Mashaallah!

Chinthu chatulukira pa sikirini yakuda, chikuyandama. Maliboni okhaokha! Ena opotana ngati sipuling'i ya pansi pa chishalo cha njinga, ena afulati okhala ndi mivi kumapeto, ndi tizingwe tolumikiza. Kuyamba ndi buluu, kudzera girini ndi yelo, kukathera pa redi. Ukagwira mausi n'kukoka, chonsecho chikutembenuka, ukuona ndi kuseri komwe. A Chisale akuti puloteni ndi kanthu kakang'ono zedi ka m'thupi mwa zamoyo, kosaoneka ndi maso, ndipo maonekedwe a iyiyi adawapeza ndi Hawa ndi anzake.

Kosaoneka ndi maso. Mawu amenewa andilasa, chifukwa ndi anga. Tsiku limene Hawa ankanyamuka ndinamuuza kuti zinthu zosaoneka ndi maso sizidyetsa munthu, akhale pano tikuze shopu. Anapita. Ku eyapoti sindinamuperekeze, ndinati ndili ndi suti ya ukwati yoti ndimalize. Sutiyo inalipodi, koma ukwati unali mwezi wotsatira. Kuyambira pamenepo timapatsana moni kudzera mwa amake.

Lero ndachiona ndi maso angawa.

Kupepesa ndi pakamwa sinditha, si ntchito yanga. Ntchito yanga ndi nsalu. Ndiye pulani nayi:

1. Puloteni ya Hawa idindidwe pa chitenje.
2. Banja lonse yunifomu, zovala khumi ndi zinayi, kuphatikizapo diresi la mwiniwake. Wosoka ine.
3. Loweruka tonse ku eyapoti, ine kutsogolo.
4. Phwando kwa achemwali anga ku Area 43, poti kuli bwalo lalikulu.
5. Osauza Hawa.

Amake amva pulani yonse, kenako afunsa ngati sikungakhale kosavuta kungomuimbira foni mwanayo. Akazi! Akadzatuluka pakhomo la eyapoti n'kuona abale ake onse atavala ntchito yake, foni idzakhala ya chiyani?

Lachiwiri

Vuto loyamba: chinthuchi chilibe kutsogolo.

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndikusoka, sindinaonepo chinthu chopanda kumaso ndi kumsana. Malaya ali nako. Buluku lili nako. Ngakhale chisoti cha ku mzikiti chili ndi msoko wosonyeza kumbuyo. Ichi ayi. Kutembenuzira uku, chokongola. Kutembenuzira uko, chokongolanso, koma china. Kuyambira eyiti mpaka leveni ndikungozunguliza. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhonotu ili ndi mutu.

Makasitomala aunjikana kumbuyo kwanga. Ndawafotokozera zonse mwatsatanetsatane, zina zimene ndikudziwa, zina zimene ziyenera kukhala choncho. Mayi wina wobwera ndi siketi ya zipi yakufa wafunsa ngati ndi mapuloteni omwe aja timadya mu nyemba. Ndati inde, koma iyi ndi ya digiri. Zipi ndamuuza abwere mawa.

Zimene ndaphunzira ndekha lero, popanda a Chisale:

– kagudumu ka pa mausi kamakulitsa, mpaka umalowa m'kati mwenimweni
– batani lina limasandutsa maliboni kukhala mikanda yambirimbiri
– batani linanso limakuta zonse, chimangokhala chibuma, ngati mbatata
– batani lobwezera maliboni sindikulidziwa

Ndakhala ndi mbatata ola lathunthu. Kuitana a Chisale msanga sindimafuna, anthu anali akuona. Pomaliza abwezeretsa ndi chala chimodzi, dzanja linalo akudya chimanga chootcha. Sanaseke, koma mapewa amagwedera.

Komabe ola limenelo silinapite pachabe. Pa mbatata paja ndaona kadzenje pambali, kooneka ngati kathumba ka wotchi pa wesikoti. A Chisale awerenga Chingerezi chake, akuti m'menemo ndi mmene Hawa akufuna kuti mankhwala azilowa, akwane ndendende, osagwedera, osathina. Mwamva? Kuyeza thumba kuti chinthu chikwane! Ndiye wina adzaimirire pa phwando n'kunena kuti nzeru mwanayu adatengera kuchikazi.

Amake abwera ndi chakudya masana. Ayang'ana pa sikirini, apendeketsa mutu. "Matumbo a mbuzi," akutero, "aja okulunga a pa chiwaya." Mayi womubereka yekha! Koma atachoka ndayang'ananso, ndipo tsopano matumbowo ndikuwaona nanenso.

Madzulo ndagamula: kutsogolo ndi kumene kuli kathumba. A Chisale ajambula chithunzi, aika mu fulashi. Akuti ndisaitaye, ngati kuti ine ndimataya zinthu.

Lachitatu

Minibasi ya ku City Centre. Fulashi m'thumba la pachifuwa, dzanja pamwamba pake ulendo wonse. Mayi woyandikana nane wafunsa ngati mtima ukundivuta.

Kodindira nsalu. Ofesi yozizira, bambo wa tayi pa kauntala. Waika fulashi, wayang'ana, sanadabwe n'komwe. "Madala, chitenje sitidinda ngati chiphaso. Pamafunika masabata sikisi, komanso oda yake imakhala ya mpingo wonse, osati anthu fotini." Ndamuuza kuti izi ndi za sayansi. Akuti makina sasankha. Akuti pofika Lachisanu angathe matisheti, makapu, kapena kalendala.

Tisheti! Ine telala, kuveka banja langa matisheti ngati tikukayenda ndawala! Amake Hawa pa eyapoti mu tisheti! Ndatenga fulashi yanga mwaulemu, ndatsanzika.

Nzeru yabwera mu minibasi yobwerera, tili pa mlatho. Chinthuchi ndi maliboni. Nanga maliboni amawadziwa ndani mu tauni muno? Ndisoka ndekha, liboni pamwamba pa nsalu yakuda, monga zilili pa sikirini. Chodinda chimasuluka ukachapa katatu. Chosoka mdzukulu amachipeza.

Ndazungulira mashopu a nsalu a mu Area 2. La buluu lilipo, la girini lilipo, yelo, olenji, redi, zonse. Koma pakati pa buluu ndi girini pulogalamu ija ili ndi mtundu wina umene ogulitsa sanaumvepo. Ndalowa ndi laputopu yotsegula m'mashopu anayi, kugunditsa liboni pa sikirini. Wina wafunsa ngati ndikukongoletsa keke ya ukwati. Ndamuyankha kuti mwana wanga ndi wasayansi, ndipo ndamuonetsa kathumba. Wachinayi wandipatsa liboni la buluu limene lidakhalitsa pa windo mpaka kusuluka ndi dzuwa. Ndendende!

Masana ndayeserera pa chidutswa. Sipuling'i imodzi yokha, yopinda bwino kuti liboni lizioneka likulowa pansi n'kutulukira pamwamba, yanditengera mphindi makumi anayi. Puloteni ya Hawa ili ndi masipuling'i asanu ndi anayi, osawerengera mivi ndi tizingwe. Masamu ndimawadziwa, koma lero sindikuwafuna.

Pulani yakonzedwa pang'ono. Amuna avala mikanjo yawo yoyera, ndi ulemu kale umenewo. Yunifomu ikhala ya amayi asanu ndi mmodzi: achemwali, ana awo awiri, azakhali a ku Kawale, amake, ndi Hawa. Sikugonja kumeneku, ndangobweza pang'ono m'chiuno.

Mayi wa zipi wabwera. Mawa.

Lachinayi

M'mawa ku Area 43 kukayeza achemwali. Minibasi imakusiya kumsewu waukulu, kotsalako ndi wapansi, pamodzi ndi alonda ndi osamalira maluwa. Ine tepi m'khosi, laputopu m'chikwama, magalimoto akundiwaza matope. Asiyeni, sakudziwa kuti akudutsa bambo wa ndani.

Achemwali ndi akulu kwa ine, ndipo sanaiwalepo zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Aona chidutswa choyeserera chija, achikonda. Akuti lawo likhale ndi maliboni ambiri kuposa a ena. Ine kukondwa, ndatsegula laputopu kuti aone chenichenicho chikuzungulira. Kulakwa kwanga n'kumeneko.

Alamu, amuna awo a achemwali, adapuma ntchito ku Capital Hill, ndipo amawerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira buledi. Avala mandala. Awerenga mzere wa pamwamba, mawu awiri aataliatali amene a Chisale akhala akuwadumpha. Avula mandala.

"Alamu, mukudziwa kuti ichi ndi chiwalo cha kachilombo ka malungo?"

Ndati ndikudziwa. Sindimadziwa. Ine ndimayesa ndi ya munthu, mwina ya m'magazi, kanthu kaulemu wake.

Achemwali achotsa okha tepi m'chiuno. "Achimwene, mukufuna mutiveke malungo banja lonse? Dzinja lino? Tikaime nawo pa eyapoti anthu akuona?" Ndafotokoza modekha kuti Hawa akufuna kukapha kachilomboko, ichi ndi chithunzi cha mdani, monga mmene apolisi amapachikira nkhope ya mbava. Akuti nkhope ya mbava saisokera pachifuwa.

Ndisanafike kumsewu foni yawo yagwira kale ntchito. Ana awo akana. Azakhali a ku Kawale akana, ati ndisawaimbirenso mpaka phwando litatha. Amake ndawapeza akundidikira pa shopu, akuti iwo malungo adadwala okwanira, avala chovala chawo cha pa Idi.

Otsala: Hawa.

Chabwino! Diresi limodzi, koma loti Lilongwe yonse ikambe. Lalitali, lakuda, la mikono yaitali, ndi mpango wake. Puloteni kutsika kuchokera pa phewa, ina kumanja, ina kumanzere, zoyang'anizana, monga timachitira ndi maluwa a pa kolala. Chokongoletsa cha mbali imodzi ndi cha munthu amene akuphunzira kumene kusoka.

Ndiye ndikufunika inzake, yoyang'ana mbali inayo. Kuzunguliza. Kuzungulizanso. Kathumba kakabwera pamene ndikufuna, mivi yaloza kolakwika. Mivi ikakhala bwino, redi wakwera pamwamba, buluu watsika. Zonse zikaoneka ngati zalongosoka, ndiye kuti ndikuyang'ana kumsana. Ola ndi theka! A Chisale ayesa nawo, afufuza mabatani onse, akuti batani lake sakulipeza. Pulogalamu yopangidwa ndi maprofesa, kulephera chinthu chimene telala aliyense amachita asanamwe tiyi!

Ndanyamula laputopu, ndaiimika pa mpando moyang'ana galasi loonera makasitomala. Ndi imeneyo! Inzake, yoyang'ana kumanzere, mapasa enieni. Ndamata pulasitiki yoonekera pa galasi, diso limodzi chotsinzina, ndatsata mzere uliwonse ndi cholembera.

A Chisale avula kapu yawo. Akuti ndikanapita ku sukulu bwenzi dziko lili patali. Ndawauza kuti ku sukulu ndinatumizako mwana. Kompyuta ziro, telala wani.

Mayi wa zipi wangoyang'ana siketi yake pa tebulo n'kubwerera.

Lachisanu

Nsalu ili pa tebulo, choko m'manja, sizasi pambali. Apa ndiye ndaima: miyezo ya Hawa ndilibe.

Ndatsitsa buku lakale la miyezo, la chikuto chofiira. Hawa ali ndi masamba ake kumapeto, Idi iliyonse tsamba lake, kuyambira ali ndi zaka ziwiri. Phewa, mkono, chiuno, kutalika. Pa tsamba la zaka khumi ndi ziwiri ndidalemba m'mbali: "Lero wadula mikono iwiri ya kumanzere pa nsalu ya kasitomala." Ndikukumbuka bwino. Analira, akuutembenuza mkono uja uku ndi uku kuti ukhale wa kumanja. Ndinamusiya ayese mpaka atatopa, kenako ndinamuuza kuti wa kumanzere ndi wa kumanzere, ungauzungulize mpaka mawa. Kasitomala tinamusokera malaya a mikono yaifupi, tinamuuza kuti ndiyo fashoni.

Tsamba lomaliza ndi la zaka zitatu zapitazo. Kutsogolo kwake mapepala oyera. Ndilembe poyera, poti kope ili saliwerenga wina: mwana wanga ndamusowa kwambiri, ndipo wolakwa ndine.

Ndapempha amake zithunzi za pa foni. Ndayeza ndi diso, poyerekeza ndi chitseko chimene waima pafupi nacho. Wanenepa pang'ono m'mapewa. Ndasiya msoko waukulu m'kati, mwina pangafunike kumasula.

Hafu leveni ndatseka shopu, ku swala ya Juma. Nkhani yafika kale ku mzikiti, achemwali sachedwa. Titaswali, mkulu wina wandigwira mkanjo povalira nsapato: kodi chimene ndikusokera mwana pa chovala si chithunzi cha cholengedwa chamoyo? Zimenezo sindinaziganize. Mwamwayi chidutswa choyeserera chinali m'thumba, ndapita nacho kwa a Shehe.

Achitembenuza, achiyang'ana chapatali. Afunsa ngati chili ndi mutu. Ayi. Maso? Ayi. Chimapuma? Ndati chimene ndikudziwa ine n'choti chili ndi thumba. Akuti iwo akuona maliboni, ndipo maliboni palibe adawaletsa. Kenako atsitsa mawu, afunsa ngati mwanayo wapezadi polowera mankhwala a malungo, poti mdzukulu wawo wagonekedwa nawo kawiri chaka chino. Ndati akuyandikira. Akuti amupangira duwa, kumupempherera kwa Mulungu. Ndatuluka ndikuyenda ngati nduna, nsapato ndatsala pang'ono kuvala za eni.

Thu koloko magetsi azima. Makina anga ndi opalasa, alibe nazo ntchito. Laputopu yapirira theka la ola, yafa. Zilibe kanthu, zonse zili pa pulasitiki ndi m'mutu muno.

Pofika Magharibi, swala ya polowa dzuwa:

– ya kumanja: yatha, yokongola moti ndaitana a Chisale kawiri
– ya kumanzere: yatsala masipuling'i anayi
– mikono, mpendero, mpango: sizinayambidwe
– zala: zobooka paliponse

Ndege ndi ya teni koloko mawa. Galimoto ya alamu idzanditenga hafu eyiti. Nthawi ilipo yambiri.

Loweruka

Kuchoka ku swala ya m'bandakucha, molunjika ku shopu.

Seveni koloko: atsala awiri.

Eyiti: latha la redi, lomaliza. Mkono umodzi walowa.

Hafu eyiti: hutala panja. Alamu, achemwali, amake mu chovala cha pa Idi. Diresi lilibe mkono winawo, lilibe mpendero. Amake alowa, ayang'ana diresi, ayang'ana ine. "Bambo a Hawa, siyani. Mwana akufuna inu, osati nsalu." Ndati mphindi khumi zokha. Ndingapite bwanji chimanjamanja, pamene zonse zimene ndikufuna kumuuza zili pansi pa singano? Adikira khumi ndi zisanu. Hutala kawiri. Apita.

Phokoso la galimoto litazilala m'pamene ndazindikira chimene ndachita. Kachiwiri! Popita sindinamuperekeze chifukwa cha suti, pobwera sindinamuchingamire chifukwa cha diresi. Atuluka pakhomo paja, awerenga nkhope, yanga palibe. Ndachita mantha, ndachita manyazi, ndapalasa makina ngati wa kabaza pa chitunda.

Wani koloko: latha, lasitidwa. Minibasi, kenako wapansi uja wa ku Area 43, diresi pa hang'ala nditalikweza m'mwamba kuti lisakhudze matope. Mlonda wina wandichitira sawasha, kaya amayesa ndi mbendera.

Anthu adzaza, mpunga ukununkhira. Hawa ali pakhonde. Wanenepadi m'mapewa, diso langa silinama. Wagwada, wapereka moni: "Asalamu alaikumu, ababa. Ndamva kuti munali ndi ntchito." Mwaulemu wonse, koma mozizira. Ndangomupatsa hang'ala.

Wavundukula pepala. Chala chake chikutsata liboni la kumanja, kuyambira pa buluu, sipuling'i ndi sipuling'i, milomo ikuwerenga. Wafika pa kathumba, waima. M'katimo ndidasokeramo kamkanda koyera, kuimira mankhwala. "Onse naini alipo," akutero chapansipansi. "Mwaiona kuti?" Ayankha ndi amake, kuti sabata yonse bambo ako akhala akuzunguliza chinthuchi, makasitomala akubwerera pakhomo.

Walowa m'nyumba, watuluka atavala. Lakwana! Phewa, mkono, kutalika, popanda pobweza. Nthungululu bwalo lonse. Achemwali akuuza alendo kuti maganizo anali awo. Ine ndaima pafupi ndi mtengo wa mapeyala, chifuwa chatsala pang'ono kudula mabatani.

Kenako wadziyang'ana kumanzere. Wayang'ana kumanja. Kumanzere kachiwiri. Milomo yayamba kunjenjemera. Ine ndimati akulira, ndakonzeka kale kumuuza kuti asalire. Akuseka! Kuseka kogwira m'mimba, mpaka wakhala pansi pa sitepe.

Wandikokera kuseri kwa galimoto. Wafunsa kuti iyi ya kumanzere ndaitenga kuti. Ndamufotokozera monyadira, kuti pulogalamu yake inalephera koma galasi langa linakwanitsa.

"Sinalephere, ababa. Imakana chifukwa kulibe. Masipuling'i amenewa amapotera mbali imodzi yokha, mwa munthu, mwa udzudzu, mu nyemba, monsemo. Awa apotera mbali inayo. Palibe cholengedwa chili nayo imeneyi." Wapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "Wa kumanzere ndi wa kumanzere, ungauzungulize mpaka mawa. Anandiphunzitsa ndani?"

Ndayang'ana nsapato zanga. Ola ndi theka pulogalamu ikundiuza chimene ndidamuphunzitsa ndekha mwanayu, ine ndikuitukwana.

Ndati ndimasula, lezala lili m'thumba. Akuti tidye kaye. Wandipakulira yekha, wakhala pambali panga. Diresi sanavule mpaka mlendo womaliza atatsanzika.

Lamulungu

Zotsatira za sabata:

– yunifomu: khumi ndi zinayi zoganiza, imodzi yosoka, theka lake lolakwika
– eyapoti: sindinafikeko
– zipi ya mayi uja: ikadali pa tebulo
– kupepesa: onani m'munsimu

M'mawa ndatenga diresi mwakachetechete, ndabwera nalo ku shopu kuti ndimasule ya kumanzere. Lezala lisanakhudze ulusi, Hawa ali pakhomo. Walanda. Akuti ya kumanja ndi ya malungo, aliyense padziko atha kuiona pa kompyuta yake, koma ya kumanzere ndi ya ababa, ili pa diresi limodzi lokha. Akuti akavala tsiku lokalankhula pamaso pa maprofesa, aone amene ayambe kuzindikira.

Wakhala pa mpando wa makasitomala, watsegula laputopu, wandionetsa batani lobwezera maliboni. Linali pamphuno penipeni. Wandilowetsa mu kathumba, wandionetsa mankhwala amene ayesa kale, ena akugwedera, ena sakulowa. Akuti kamkanda kanga kakwana bwino kuposa onsewo. Ntchito ikadalipo yambiri. N'chifukwa chake akubwerera ku Joni pakatha masabata atatu, zaka zina zitatu kapena zinayi, za udokotala wa mabuku.

Ine ndinali nditayeza kale ndi maso pakona pamene pakanakhala tebulo lake. Sindinanene. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwambiwu ndimaudziwa, kungoti sindiukonda.

Ndayamba: "Tsiku lija la suti…" Iye waimirira, watsitsa buku lofiira pa shelefu, watsegula pa tsamba loyera, wandipatsa tepi, watambasula manja. Ndayeza. Phewa, mkono, chiuno, kutalika. Pa phewa ndinaphonya ndi theka la inchi lokha, ndipo ndamuuza.

Foni. Achemwali. Akuti alamu awafotokozera kuti ya kumanzere kulibe, ndiye kuti si malungo. Akufuna madiresi asanu, a kumanzere okhaokha, pofika ukwati wa mwezi wamawa. Masipuling'i makumi anayi ndi asanu, onse olakwika. Ndavomera. Nanga nditani.

Potuluka, Hawa wafunsa osandiyang'ana, ngati tsiku lonyamuka ndidzakhale ndi suti yoti ndimalize.

Mkanjo woyera ndausita kale. Uli kuseri kwa chitseko, masabata atatu asanakwane. Amake akuti uchita fumbi. Uchite, ndidzausitanso.